Musawatenge Bambo Dzanja Lisanadzuke

Cuamba, Lachitatu

Okondedwa achimwene Edilson,

Muli bwanji kumudzi ku Ngauma, inu, alamu ndi ana? Chifuwa cha Mphatso chija chinatha? Ife kuno tadzuka, koma mtima wanga suli m'malo. Ndalemba chifukwa pa telefoni ndimangolira, mawu osatuluka. Kalatayi ndapatsira woyendetsa shapa, minibasi ya ku Mandimba ija, muyambe mwaiwerenga muli nokha.

Ndamva kuti abambo athu aakulu, a Jorge, akubwera Loweruka kudzatenga bambo. Akuti ine ndikuwazunza, ndawamanga ngati mbuzi, ndawagulitsa kwa anthu a kafukufuku. Ine, achimwene? Ine amene ndinasiya malonda anga pamsika kuti ndizikhala nawo? Amuna anga a Vítor amalawira kuwasambitsa asanapite ku ntchito ya njanji, lero malipiro athu ndi amenewo!

Imvani mmene zilili. Mukudziwa kuti nthenda ya tromboze ija itawagwetsa m'chigafa cha fodya inawafoola dzanja lamanja ndi lilime. Kuchipatala kuno kuli mayi Luciana, amene amaphunzitsa ziwalo zofooka kugwiranso ntchito. Ataona kuti zala za bambo zikugwedezeka pang'ono, anatiuza za kafukufuku wawo. Ananena poyera kuti salonjeza kanthu, akungofuna kuona ngati njira yawo ingathandize odwala ochitira pakhomo masewera olimbitsa dzanja, ndipo bambo akafuna kusiya asiya tsiku lomwelo. Bambo anavomera okha, ine ndilipo.

Njirayo ndi iyi. Masana dzanja labwinolo, lamanzere, timaliveka kathumba ka nsalu, kuti lamanja lisiye kudalira linzake. Amatola nyemba n'kumaponya m'chitini, amatsegula mabotolo, amadya okha. Sabata iliyonse amakawayesa.

Kuonerera n'kowawa, sindikubisirani. Phala limatayikira pachifuwa, sipuni imagwa, iwo n'kutukwana. Taonani, akatekisiti athu aja! Mawu a pemphero amawasowa, koma kutukwana kumatuluka bwinobwino. Ine ndimakhalira manja anga kuti ndisawathandize, kenako ndimakalirira kuseri kwa bafa.

Amayi atabwera anapeza zimenezo. Anakuwa, anavula kathumbako n'kukaponya panja, anawadyetsa ndi dzanja lawo. Anandifunsa ngati anandilerera kuti ndidzapinde manja bambo wanga akudzipaka phala ngati khanda. Sindikuwada ayi. Kwathu wamkulu akadwala sagwira kanthu ana ake alipo, ndi mmene tinakulira tonse. Koma masiku onse amene amayi anakhala kuno bambo sanagwire sipuni, ndipo pokawayesa zala zinali zitabwerera m'mbuyo. Mayi Luciana sanakalipe. Anangoti miyezi yoyambirira ino ndiyo ya mwayi waukulu, tisaiseweretse.

Apa ndi pamene pakundisowetsa tulo. Ndikudziwa zimene zikachitike kumudziko. Mukawayalira mphasa pakhonde, uyu kuwamwetsa, uyu kuwaveka malaya, aliyense kulimbirana kuwachitira ulemu. Mukawakonda mpaka dzanja likauma ngati la a Rozi akuseri kwa tchalitchi, lopindika lija, losatheka n'kulisambitsa m'katimo. Madzi akatayika saoleka, achimwene.

Chikhalirecho amayi atachoka tinayambiranso, ndipo zikusintha. Mukudziwa kuti bambo ankabisala alendo akabwera, poopa manyazi opereka moni ndi lamanzere. Dzulo a Ismaeli oyandikana nafe analowa kudzawazonda. Bambo anatukula lamanja, likunjenjemera, mpaka anawagwira zala. A Ismaeli anatuluka akupukuta m'maso. Kodi lidzasokanso fodya? Sindikudziwa, ngakhale a chipatalawo sakudziwa. Koma layamba kudzuka, ndaona ndi maso angawa.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani Lachisanu, muwatsogolere abambo aakulu. Ine ndine mwana wamkazi, akangondiyang'ana pakamwa pamauma. Bambonso sanawatsutsepo akulu awo chibadwire, nanji lero pamene mawu amawachedwa. Munthu akawafunsa kanthu, iwo akadali kufunafuna mawu, wina wawayankhira kale. Loweruka zikatero akwezedwa shapa asananene chilichonse. Inu ndinu mwamuna, adzakumverani. Mudzawafunse bambo pamaso pa onse, ndipo aliyense adzakhale chete mpaka atayankha, ngakhale dzuwa lipendeke.

Ine ndawafunsa m'mawa uno ngati akufuna kubwerera kumudzi. Analira. Anavutika nthawi yaitali, n'kutchula dzina la amayi. Ndinangoti basi zatha, n'kuyamba kupinda kathumba kaja kuti ndikabweze kuchipatala. Pamenepo anandigwira chitenje, anaika dzanja lawo lamanzere pamwendo panga, ndipo sanalichotse mpaka nditaliveka.

Akadzanena okha kuti akupita, katundu wawo ndidzalongedza ndine, osadandaula. Koma adzanene ndi iwo. Chonde, achimwene, ndagwira mwendo wanu, musandisiye ndekha tsiku limenelo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Massangulo, kwa Mphatso ndi abale ake. A Vítor akupereka moni. Amayi mukawauze kuti ngakhale andikwiyire chotani, ndikadali mwana wawo, ndipo amuna awo amawaitana tsiku lililonse.

Ndikhala ndikuyang'ana kumsewu Lachisanu.

Ine mlongo wanu,
Neusa