Dzina Lachitatu Lopanda Nkhoswe

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA MUDZI WA KUNJANJI, PORT HERALD

Tsiku: Loweruka, 15 Novembala 1924
Malo: M'shedi yakale ya thonje, kuseri kwa siteshoni

Opezekapo: Bambo Gideon Chimbalanga (Wapampando), Bambo Petro Mwanza, Bambo Leonard Thole, Bambo Francisco Alfazema, Mayi Luisa Semba, ndi Shadreck Fole (Mlembi).

Osapezeka: Bambo Tomasi Bande. Anatumiza mawu kuti mvuu zalowa m'dimba mwawo, ndipo mvuu sizidikira komiti.

1. Kutsegula

Msonkhano unayamba sitima ya ku Chindio itangolira. Wapampando anakhala pa bokosi la palafini, lomwe ndilo mpando wa komiti ino, ndipo anapemphera. Pemphero linatalika monga mwa masiku onse, moti Bambo Alfazema ananena Amen kawiri lisanathe.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga. Bambo Mwanza anadandaula kuti mawu awo pa nkhani ya mbuzi zogona panjanji anafupikitsidwa. Mlembi anayankha kuti pepala lili ndi malire. Zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. Malo pabwalo la mfumu yaikulu

Wapampando anati mudzi wakula. Nyumba zomwe kale zinkathera pachitsime tsopano zapitirira mlambe, ndipo anthu akubwerabe, ena ndi njanji, ena kuchokera kutsidya kwa Apwitikizi. Choncho mfumu yaikulu yalola kuti Kunjanji kutumize munthu mmodzi wokakhala pabwalo lake ndi kukanena za mudzi. Anthu onse adzasankha Loweruka la pa 29, poima kumbuyo kwa amene akumufuna. Ntchito ya komiti lero ndi kulemba maina basi.

Wapampando anakumbutsa lamulo lomwe komiti inagwirizana, lakuti munthu sadzitchula yekha. Dzina lililonse likhale ndi nkhoswe ya m'komiti, monga ukwati, kuti munthuyo akakalakwa kubwalo tidziwe khomo logogoda.

4. Maina

Bambo Thole anaimirira ngati nkhoswe ya Bambo Petro Mwanza, m'malo mwa a Kumtunda, mabanja akale a Chimang'anja okhala cha kutchalitchi. Anati Bambo Mwanza satopa kulankhula. Palibe anatsutsa.

Mayi Semba anaimirira ngati nkhoswe ya Bambo Francisco Alfazema, m'malo mwa a Kudoko, amalonda ndi asodzi olankhula Chisena. Anati Bambo Alfazema akamenyera malo a msika, ndipo munthu amene amagulitsa nsomba yadzulo ngati yalero sangagonje pabwalo.

Wapampando anati maina ndi awiri okha. Mphekesera zakuti Bambo Ignasio Nyamizinga, mwini bwato loolotsa anthu, akufuna kuima payekha, zatha. Anati munthuyo anafika pakhomo pawo Lachinayi nakana ndi pakamwa pake kuti, "Ndisafuna kukhala pabwalo." Wapampando anayamikira kudzichepetsa kotere, nati n'kosowa masiku ano.

Apa Mayi Semba anaseka mpaka mpango unagwa. Bambo Alfazema anatsokomola nthawi yaitali. Kenaka mawu anamveka kunja kwa shedi kuti, "Alamu, mwandinamizira!"

5. Mawu akuti "ndisafuna"

Zinapezeka kuti Bambo Nyamizinga anali atakhala panja kuyambira pa pemphero, nkhafi yawo ili pamiyendo. Komiti inawalola kulowa. Wapampando anawachenjeza kuti muno mulibe alamu, muli Wapampando.

Mayi Semba anafotokoza kuti m'Chisena munthu akati "ndisafuna" ndiye kuti akufuna, ndipo akufunitsitsa. Wokana amati "nkhabe." Anati ngakhale ana a Kumtunda amadziwa zimenezi, chifukwa amagula zitumbuwa Kudoko.

Wapampando anati iwo anabadwira ku Chikwawa, kumene "sa" ndi kukana basi, ndipo sangathe kumva chilankhulo chomwe munthu amavomera mokana. Anafunsa chifukwa chake Bambo Nyamizinga sanalankhule Chimang'anja, pomwe amachidziwa bwino lomwe. Iwo anayankha kuti, "Mtima ukamathamanga, alamu, lilime limathawira kwawo. Ndinali ndisanapondepo pakhomo panu."

Mlembi akuona kuti Wapampando akhala kuno zaka zambiri osatola liwu ndi limodzi lomwe la Chisena, ndipo amanyadira zimenezo ngati mendulo. Akuonanso kuti khutu limafulumira kumva chimene mwini wake akufuna.

Pofuna kuti odzawerenga amvetse, Mlembi akulemba zomwe mudzi wonse ukudziwa. Malemu Esinala, mkazi wa Bambo Nyamizinga, anali mlongo wa Wapampando. Pa ukwatiwo Wapampando anakana kukhala nkhoswe, nati mlongo wawo sangakwatiwe ndi munthu wam'madzi wosadziwika kwawo. Esinala anapitabe. Anamwalira dzinja la dzana.

6. Pempho la Bambo Nyamizinga

Atafunsidwa kuti akuimira mbali iti, Bambo Nyamizinga anati alibe mbali. A Kudoko amati anadyedwa ndi Amang'anja, a Kumtunda amati ndi mlendo. "Ine ndimakhala pakati pa mtsinje," anatero. "Onsewo ndimawaolotsa, ndipo m'bwato mwanga amagwirana manja bwinobwino, makamaka likapendama."

Anati nkhani yawo ndi imodzi yokha, ya manda. A Kumtunda ali ndi manda awo paphiri, a anthu a ukwati wodalitsidwa. A Kudoko ali ndi awo a mabanja. Otsala onse, anyamata a njanji ofera kutali ndi kwawo, alendo, ndi anthu ngati Esinala amene ukwati wawo unalibe nkhoswe, amaikidwa kudambo. Dzinja lathali Shire anadya gombe natenga manda a m'mphepete. Tsopano munthu ataima pamanda a Esinala akhoza kulavulira m'madzi, ndipo mvula ili pafupi. Madzi saiwala khwawa.

Anati akufuna kukapempha mfumu yaikulu malo okwera a manda a mudzi wonse, ndi chilolezo chosamutsa amene ali kudambo madzi asanabwere.

Bambo Mwanza ndi Bambo Alfazema anati aliyense wa iwo akhoza kukanena zimenezo akasankhidwa. Bambo Nyamizinga anathokoza, nati, "Mukanena ndithu, sindikukana. Koma mukanena pamapeto, ya msika ndi ya mbuzi itatha, anthu akukutumula fumbi kumatako. Ine ndikayamba ndi imeneyo. Ndilibe ina."

Mlembi akuvomera kuti apa iye mwini anamva chisoni, chifukwa Esinala anali munthu woseka ndi aliyense.

7. Nkhoswe ya dzina lachitatu

Mlembi anafunsa kuti ndani afuna kukhala nkhoswe ya dzina la Bambo Nyamizinga.

Mayi Semba anati mtima ukufuna, koma anaimira kale Bambo Alfazema, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Bambo Thole anati chimodzimodzi. Opikisana awiriwo sangaimire mnzawo wopikisana naye. Mlembi saloledwa, popeza ndiye agwira cholembera. Bambo Bande anali ndi mvuu zawo. Anthu atawerengana ndi maso anapeza kuti watsala munthu mmodzi, ndipo onse anayang'ana Wapampando. Wapampando anayang'ana kudenga.

Bambo Thole ananena chapansipansi kuti chibale n'fupa, sichiola. Wapampando anati mwambi si mfundo ya msonkhano. Anati wokhala pampando satenga mbali, lamulo ndi lamulo, ndipo dzinalo silingalembedwe.

Bambo Nyamizinga sanakangane. Anatola nkhafi yawo, nawomba m'manja mwaulemu, natuluka. Sanapite kutali, chifukwa mthunzi wa nkhafi unkaonekabe pakhomo.

8. Zina ndi zina

Bambo Mwanza anayambanso za mbuzi. Ali mkati, Wapampando anawadula, chinthu chimene sichinachitikepo, nafunsa Mayi Semba ngati n'zoona kuti madzi afika pafupi chotere. Mayi Semba anati, "Bambo, kufunsa ine bwanji? Miyendo muli nayo. Mlongo wanu wakhala akukudikirani kumeneko madzinja awiri."

Wapampando ananyamuka pa bokosi, napempha Mayi Semba kuti akhalepo. Mayi Semba anakhalapo mosazengereza, nayamba ndi kulamula kuti za mbuzi zatha. Bambo Chimbalanga anakhala pamphasa pamodzi ndi ena, mawondo akulira, nati, "Shadreck, muitane munthu uja. Ndipo ufunsenso funso lako."

Bambo Nyamizinga atalowa, Mlembi anafunsanso kuti ndani afuna kukhala nkhoswe ya dzina lawo.

Bambo Chimbalanga anati, "Ndisafuna."

Popeza liwuli lavuta kale lero, Mlembi anapempha kudziwa kuti alilembe m'chilankhulo chiti. Bambo Chimbalanga anati, "M'Chisena, iwe. Ndi liwu lokhalo lomwe ndili nalo, ndipo ndachedwa nalo."

Bambo Nyamizinga anagwada nawomba m'manja, nati, "Takhuta, alamu." Bambo Chimbalanga anadabwa, nafunsa kuti akhuta chiyani pomwe muno simunadyedwe kanthu. Mayi Semba anafotokoza kuti m'Chisena kumeneko ndiko kunena zikomo. Bambo Chimbalanga anati chilankhulochi chiwapha. Anawonjezera kuti ngakhale zili choncho, n'zoona kuti alamu awo sanadyepo pakhomo pawo, ndipo zimenezo zithe lero.

Dzina la Bambo Ignasio Nyamizinga linalembedwa, woima payekha, nkhoswe yake Bambo Gideon Chimbalanga. Bambo Alfazema anadandaula kuti tsopano theka la Kudoko lidzaima kumbuyo kwa bwato. Bambo Mwanza anati nawonso a Kumtunda amafa, choncho asadandaule yekha.

9. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Msonkhano wotsatira ndi wa mudzi wonse, Loweruka pa 29 Novembala, pansi pa mlambe, wosankha pakati pa maina atatu.

Mayi Semba anabweza bokosi kwa mwini wake atapemphedwa kawiri. Msonkhano unatha dzuwa litapendeka. Wapampando anatseka ndi pemphero lalifupi kuposa onse amene Mlembi anamvapo, nati akufulumira, pali njira yomwe sakuidziwa ndipo akufuna kuiona kusanade. Anatsikira kudambo, Bambo Nyamizinga ali patsogolo, Wapampando pambuyo atawanyamulira nkhafi.

Gideon Chimbalanga, Wapampando, ndiponso nkhoswe

Shadreck Fole, Mlembi