Filimu ya a Daka kapena ya a Njobvu

Lolemba, 14 Oct

Keziah 10:12
a head ati hall ya sukulu tapatsidwa pa 24 koma ma speech adya nthawi, ife tatsala ndi 30 mins chabe. ndiye filimu ikhala imodzi. a Jennipher ndi a Gideon gwilizanani, tionetsa ya atate a ndani

Jennipher 10:15
palibe zogwilizana apa aphunzitsi. pa independence tionetsa Mbendela Yakwela. atate anga a Eustace Daka anaijambula pa boma pa Petauke pompano mu 64, anthu akulila ndi chimwemwe

Jennipher 10:16
mafilimu 17. a Njobvu anapanga angati

Gideon 10:31
atatu. ndipo mukudziwa bwino chfkw chake anathela pa atatu

Keziah 10:33
pls ine ndinabadwa mu 89, ndiuzeni bwinobwino. ndilembe chani pa poster

Gideon 10:40
atate anga a Febian Njobvu ndi a Daka anayamba limodzi ku office ya boma ya mafilimu. Land Rover imodzi, kamela imodzi, kuzungulila midzi kuonetsa kanema pa nsalu yoyela. kenaka aliyense anayamba kupanga ake

Gideon 10:42
a Daka anapanga Feteleza ndi Mlimi, Msewu Wafika, Tisunge ku Banki. onse mofanana. bwana atsika mgalimoto, anthu aomba mmanja, the end. alimi ankabwelekedwa ma shati oyela, akatha kujambula nkuwavula

Jennipher 10:44
mwadumpha Katemela dala

Jennipher 10:45
filimu ija itaonetsedwa ku Msanzala azimai anabweletsa ana ku clinic mpaka mankhwala anatha. ma nurse akale akali moyo, kawafunseni. ana angati anapulumuka chikuku chfkw cha filimu ya a Njobvu

Gideon 10:52
Katemela inali yabwino, sindikana. atate eni ake amatelo

Gideon 10:55
koma Chitsime cha Anastazia munaionapo? mai mmodzi apita kukatunga madzi. palibe wofotokoza, palibe band. mumangomva mapazi ndi kupuma kwake. ku Nyimba anthu anakana kubalalika mpaka anaibweleza katatu

Jennipher 10:56
20 mins kuonela munthu akuyenda 🙄

Gideon 10:57
amai anu ankayenda chomwecho kotunga madzi. kunalibe yemwe anaona kuti nchoyenela kamela mpaka atate

Keziah 11:03
nanga yachitatu

Gideon 11:20
yachiwili inali Basi ya Lachisanu. yachitatu Matumba a ku Sandwe, 1978. alimi anakolola bwino, anaunjika chimanga pa depot, malole sanabwele mpaka mvula inagwa. chinamela mmatumba momwemo. atate anajambula zonse

Gideon 11:22
inaonetsedwa kamodzi. nthawi ija ya chipani chimodzi zotele sizinali zoonetsa. anaitanidwa ku Lusaka, ntchito inatha, filimu ati itenthedwe. amene anasaina kuti waitentha ndi a Daka

Gideon 11:23
atate anabwelela ku Nyimba kukakonza mawailesi. sanagwilenso kamela. mpaka lelo awiliwa salankhulana

Jennipher 11:40
atate anali ndi ana 6 oti adyetse

Gideon 11:41
anga anali ndi 7

Jennipher 11:58
ok. koma funso ndi losavuta. muli ndi filimu iliyonse ya a Njobvu mmanja?

Gideon 12:10
iyayi. zinatsala ku office, zinasowa

Jennipher 12:11
ife tili ndi zitini 9 za mafilimu mu trunk ya atate. ndinapeleka kale kwa aphunzitsi. nkhani yatha

Keziah 12:15
eya zili ku Lusaka kwa msuwani wanga Amon, ali ndi makina oziika pa flash. a Gideon pepani, tionetsa zomwe zilipo

Lachinayi, 17 Oct

Keziah 08:47
gm nonse. Amon ati Mbendela yatuluka bwino, 28 mins

Jennipher 08:50
ndinanena ine 💪

Keziah 08:52
koma pali chitini china cholembedwa Feteleza ndi Mlimi 2. ati mulibe feteleza mmenemo

Jennipher 08:54
kunalibe Feteleza 2. inali imodzi

Keziah 08:55
📷 chithunzi

Keziah 08:55
wanditumizila ichi. mai akhala pamwamba pa matumba, chimanga chamela chaboola masaka

Gideon 09:14
mufunseni Amon. kumbuyo kwa mai ameneyo kuli sikelo yopachika pa mtengo? ndipo pamapeto mai ayang'ana mkamela nkunena kuti jambulani, akaone

Keziah 09:26
ati eya. zonse ziwili

Gideon 09:27
ndiyo imeneyo

Gideon 09:27
ndi Matumba a ku Sandwe. sindinaionepo koma atate andifotokozela kuyambila ndili mwana

Gideon 09:29
a Jennipher

Gideon 09:45
a Jennipher yakhala bwanji mu trunk yanu filimu yotenthedwa

📞 Gideon, 10:02, sanayankhe

Keziah 13:30
a Jennipher muli bwino?

Lachisanu, 18 Oct

Jennipher 07:20
pepani mailo sindinayankhe. inenso sindinadziwe. ndinapita kwa atate ndi chithunzi chija, anachiyang'ana mpaka chakudya chinazizila. lelo mmawa ati ndiwajambule mawu. a Gideon, atate akuti mukawaikile a Njobvu amve

Jennipher 07:22
🎤 mawu, 1:54
"Febian, ndine Eustace. Mabwana anandipatsa chitini chako ndi botolo la palafini, ati pita kuseli ukatenthe, ubwele usaine. Ndinapita kuseli. Ndinatentha zotsala za Msewu Wafika, utsi unakwela, iwo anauona pa windo, ndinasaina. Yako ndinaiika mu jekete. Sindinakuuze chifukwa iwe pakamwa pako ndimapadziwa, ukanalengeza pa msika tonse tikanamangidwa. Zinthu zitasintha mu 91 ndinati ndibwele nayo ku Nyimba. Ndinafika mpaka pa station. Ndinaganiza kuti udzandifunsa, nanga tsiku lija akundichotsa ntchito, iwe unanena chiyani? Sindinanene kanthu, Febian. Ndinayang'ana pansi. Ndiye ndinabwelela nayo kunyumba. Ine ndinapanga mafilimu khumi ndi asanu ndi awili, ena abwino. Koma yonga ija sindinapangepo, ndinalibe mtima wake. Aonetse yako."

Gideon 07:58
zaka 46

Jennipher 08:01
ndikudziwa

Gideon 08:03
atate akhala akuganiza kuti ntchito yao yonse inapita mu utsi. maso ao manje ndi ofooka. akanaiona bwino zaka 30 zapitazo

Jennipher 08:10
sindiwaikila kumbuyo pa ichi. ndawauza pamaso pao kuti analakwa kuchedwa

Jennipher 08:12
koma a Gideon, akanagwidwa nayo mu 78 ife tikanakulila kwa achibale. ichonso muwauze a Njobvu

Keziah 08:30
Amon ati mbali ina inaonongeka ndi chinyezi, zapulumuka 22 mins, mawu akumveka bwino. ikwana. nditani, ndisinthe poster?

Jennipher 08:33
sinthani. Matumba a ku Sandwe, ya a Febian Njobvu. Mbendela tidzaonetsa tsiku lina, anthu anaiona kokwanila

Gideon 08:41
musasindikize kaye. filimu ndi ya atate, anene okha. ndikwela basi ya 10 kupita ku Nyimba

Keziah 16:05
a Gideon mwafika?

Keziah 17:40
a head afuna programme by mailo 12hrs pls

Lachiwelu, 19 Oct

Jennipher 09:15
atate afunsa katatu ngati a Njobvu amva mawu aja

Keziah 11:20
a Gideon kwatsala 40 mins

Gideon 11:34
pepani. anamva mailo. anati ndibweleze, ndinabweleza kanayi. kenaka anatuluka kukakhala panja, yankho andipatsa lelo

Gideon 11:36
ati ionetsedwe. ati pa poster mulembe yopangidwa ndi Febian Njobvu, yosungidwa ndi Eustace Daka. ndinati atate zoona? ati lemba, ndi mmene zinachitikila

Keziah 11:37
🙏🙏 ndalemba

Jennipher 11:39
zikomo a Gideon. abwela pa 24?

Gideon 11:44
abwela. atulutsa kale suti

Jennipher 11:45
nanga atate anga abwele kapena akhale kunyumba. anena kuti achita zomwe a Njobvu afuna

Gideon 11:52
🎤 mawu, 0:21
"Mwana wa Eustace, uwauze atate ako abwele. Akhale mpando wa pafupi ndi ine, chifukwa maso anga saona patali, azindiuza zomwe zili pa nsalu. Zina zija tidzakamba filimu ikatha. Asachedwe."