Tawina Anagwadira Agogo a Phula

Mirrabooka, Perth
Ogasiti 2021

Okondedwa achimwene a Ignasio,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Area 25. Ife kuno tilipo, bambo a Tawina akugwirabe ntchito kuchipatala ku Nedlands. Pepani zolemba zokhotakhota. Ndikamaliza ndijambula pafoni n'kutumiza, chonde muwerenge lero lomwe.

Loweruka lapitali bambo a Tawina anati tikapitidweko mphepo. Anatitengera kudoko, kunyumba ina yoonetsa zakale. Muli anthu oumbidwa ndi phula, lija la makandulo, koma mungalumbire kuti akupuma. Chipinda choyamba munali amalinyero akukoka zingwe m'sitima yapamadzi. Tawina anaseka mpaka masiki kugwa, akuti wandevu wina akufanana ndi inu. Sananame, ndi mimba yomwe.

Chipinda chachiwiri ndiye chandilembetsa kalatayi. Munali mayi wokalamba wachizungu, mpango kumutu, manja omangidwa, ataima pamaso pa oweruza. Mukudziwa Tawina Chichewa amangomva, kuyankha ndi Chingerezi basi. Koma anapita yekha, kugwada monga ndimamuphunzitsira, n'kunena kuti muli bwanji agogo. Anthu anaseka. Ine ndinafunsa bambo ake kuti mayiyu analakwanji.

Anandiwerengera pachikwangwani. Akuti sitima inabwera ndi matenda, anthu m'tauni n'kuyamba kufa, ndiye anati mayiyu ndi mfiti. Anamupachika. Matenda sanaleke.

Achimwene, pomwepo ndinakumbukira amayi. Paja munandiuza pafoni kuti chimwalirireni malume a Lenard ndi korona, akumudzi akuwaloza zala amayi, ndipo Loweruka likubwerali aitana sing'anga adzaombeze. Munati ndisadandaule, ndi zakumudzi, zizizira zokha. Ndinakumverani poti ndinu aakulu. Koma nkhope ya mayi uja sikundichoka m'maso.

Si amayi omwewo anadwazika malume, kuwasambitsa ndi manja awo pamene ena ankaopa ngakhale kusuzumira pakhomo? Lero kusadwala kwawo ndiye kwasanduka mlandu?

Inu munkandibereka kumsana mtsinje wa Linthipe ukadzaza popita kusukulu, simunandigwetsepo. Ndikukupemphani, pitani ku Dedza Lachisanu lisanathe mukawatenge. Musawauze za sing'anga, mukudziwa mtima wawo, akakamira kuti akayankhe okha. Nenani kuti alamu akufuna owathandiza ana. Akayamba za nkhuku zawo ndi mbatata, nkhuku mangani muike m'galimoto, mbatata idzalimidwanso. Ndikanabwera ndekha, koma malire ngotseka, ndege kulibe.

Potuluka Tawina anakakamira chitseko, akuti agogo aja atsala okha, sanamuyankhe moni, ndipo adzawatenga ndani. Bambo ake anati ndi chidole chabe. Ine ndinangomunyamula.

Mundiperekere moni kwa alamu a Betty ndi ana onse. Ambuye akutsogolereni pamsewu, popita ndi pobwera. Amayi akangokhala pansi m'nyumba mwanu, musadikire n'komwe kuti amwe madzi, imbani vidiyo. Ndikufuna Tawina agwadenso, ulendo uno amve agogo akumuyankha.

Ine mlongo wanu,
Felesta