Zitsekero za M'chitini cha Sinda

Liège, 12 Meyi 1996

Achemwali anga a Telva,

Moni wanga akupezeni pakhomo pa bambo athu ku Nava konko. Kodi muli bwanji, inu ndi alamu a Ramiro? Bondo lija linasiya kutupa? Ine kuno ku Belgium ndilipo, chifuwa chokha ndicho chimandikumbutsa zaka zomwe ndinathera m'fakitale ya zitsulo. Kalata yanu ya mu Febuluwale ndinalandira. Mundikhululukire pochedwa kuyankha, ndinkati ndikagwira cholembera mawu n'kuthawa.

Munafunsa za mmene mlamu wanu Sinda anatisiyira. Za kuchipatala ndilibe zambiri. Anagwa pa masitepe Lolemba, Lachitatu n'kutsirizika, osatsegulanso pakamwa. Chimene ndimakumbukira ine ndi Lamulungu lake.

Tsikulo anaphika nyemba zoyera ndi soseji. Sidra, mowa wathu wa maapozi uja, anakatsegulira kukhitchini n'kubwera nalo botolo lili lotsegula kale, monga ankachitira zaka zapitazi. Ine ndinakweza botolo pamwamba pa mutu monga timathirira kwathu, tambula ili m'munsi, beseni pansi kuopa kunyowetsa aneba a m'nyumba ya pansi pathu. Iye amvekere, zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu tili limodzi, koma limene limaledzera m'nyumba muno ndi beseni, mwini wake ayi. Ndinamwa, n'kunena kuti mitengo ya amayi ake sikalamba, sidra wake akadali yemwe uja. Sanandiyang'ane. Anangoti ndizimwa msanga ndisiye zokamba, sidra amafera m'tambula. Iye anamwa madzi, akuti adokotala anamuletsa. Titatha kudya anapita pakhonde kukakulunga kamtengo kake ka mumphika ndi chiguduli, poti chisanu chinali chitayamba. Ine ndinagona pampando. Tsiku lonse ndi limenelo basi.

Tsopano ndikuuzeni chimene chikundivuta.

Mukudziwa kuti munda wa maapozi wa kumtunda kwa tchalitchi apongozi anga anasiyira ana awo awiri, Sinda ndi mlongo wake Cundo. Cundo ndiye amausamala, ndipo chaka chilichonse amatitumizira makireti awiri a sidra wa m'mundamo, kudzera mwa dalaivala wa lole yemwe amabweretsa katundu ku kalabu ya anthu akwathu kuno. Mukudziwanso zimene Sinda ankanena kuyambira kale, kuti akadzafa tidzamutenthe, phulusa lake likaikidwe pansi pa mtengo wa amayi ake, wa maapozi ofiira owawasa uja. Kumutentha tinamutentha. Phulusalo ndili nalo m'nyumba muno.

Cundo, munthu amene pa zaka zonsezi sanandilemberepo ngakhale khadi ya Khirisimasi, wandilembera kawiri, lamya waimba katatu. Akuti ndisavutike ndi ulendo, chifuwa changa si chabwino, ndingopereka phulusalo kwa dalaivala, zonse akachita yekha pamodzi ndi abambo mfumu. Nditati ndibwera pa Pasaka, anati msewu wa kumunda unagumuka ndi mvula. Nditati ndiye mu Ogasiti, anati mu Ogasiti kumatentha. Ku Nava, achemwali? Kutentha kwake kuti? Munthu akayamba kukudera nkhawa mwadzidzidzi chonchi, mtima sukhala pansi.

Mwezi watha makireti ake anafika. Kanali koyamba m'zaka zitatu kuti nditsegule botolo ndi manja anga. Chitsekero chake cha khungwa la mtengo chinali chosalembedwa kanthu, monga zimakhalira za sidra wopanga pakhomo, koma chinalowa mopendama ndipo chinatuluka mosavuta. Botolo lachiwiri chimodzimodzi. Sidrayo atagunda m'mphepete mwa tambula sanadzuke bwino, thovu lake linangoti pang'ono n'kuzima. Ndinadziuza kuti ndi lilime langa, poti chichokereni Sinda ngakhale buledi sindimumva kukoma. Komabe ndinatenga botolo limodzi Loweruka masana n'kupita nalo ku kalabu.

Kumeneko kuli Delmiro, wa ku Villaviciosa, amene unyamata wake wonse anagwira ntchito yofinya maapozi, ndi Fonso, mnzanga wa m'fakitale. Sindinawauze chimene ndinkafuna. Ndinangoti tiyeni tione ngati Delmiro akadali katswiri kapena ndi pakamwa chabe. Mabotolo akwathu onse ndi obiriwira ndiponso opanda pepala, munthu amadziwira pa chitsekero kuti ndi wa ndani, choncho zitsekero ndinaika m'thumba mwanga. Tinandanditsa anayi: wa pa kalabupo, amene amagula ku kampani ina yaikulu ya ku Gijón, wa kwa Fonso, wopanga achimwene ake, wa Cundo, ndi wina wa ku France amene Fonso anathira m'botolo lakwathu kuti timuseke mkuluyo.

Delmiro anati timuyese ndithu, mano okha ndiwo anamuthawa, lilime likadali pantchito. Fonso amvekere, lilime limenelo linapsa kalekale ndi miseche, lingadziwe chiyani.

Wa ku France uja Delmiro anangonunkhiza n'kufunsa kuti mwana wabatizidwa lero ndi wa ndani, poti madzi a shuga otere amapatsa ana ndi masisitere. Wa kwa Fonso anamwa kamodzi n'kutaya kotsala pansi, anatseka maso, n'kuti ameneyu ndi wa pakhomo: wambuu, wonunkhira mgolo wakale, woluma kummero, ndipo mwini wake ndi waulesi potsuka migolo. Fonso anakwiya, akuti achimwene ake amatsuka kuposa mmene Delmiro amasambira. Wa pa kalabu anamudziwa asanameze. Anati ndi woyera, wosalakwa kanthu, wopanda nkhope, chaka chino ndi chatha chimodzimodzi ngati mayunifolomu a asilikali.

Kenako ndinamuthirira wa Cundo. Anamwa, anandiyang'ana, n'kupempha wina. Atamwanso anati: "Iwe Mino, ukufuna kundipusitsa eti? Wandipatsa mowa umodzi kawiri. Uyu ndi yemwe uja wa ku Gijón, kungoti watopa. Wina wake anamusamutsa m'botolo lake n'kumuthira m'lina."

Ndinatsutsa, achemwali. Ndinati ameneyo ndi wa m'munda wa apongozi anga. Delmiro anaseka, akuti sidra wa m'munda umenewo anamwapo kwathu pa ukwati wa mwana wathu Nieves ndipo sangamuiwale: ankayamba ndi kuwawasa kwa maapozi ofiira aja, kenako n'kusiya kuwawa pang'ono kumbuyo kwa lilime, mkamwa n'kuuma, munthu n'kufuna wina. Anandifunsa kuti kuwawako ndinakumva liti komaliza mu sidra wa Cundo. Fonso ataona nkhope yanga anasiya nthabwala, n'kuyamba kunena kuti mkuluyu waledzera, ndisamumvere. Koma Delmiro anali atamwa timatambula tinayi tokha, ndipo munthu ameneyu amamaliza mabotolo atatu n'kupita kwawo panjinga.

Pobwerera ndinkakayikira aliyense. Mwina Delmiro amangofuna kuoneka wodziwa. Mwina dalaivala anamwa wathu panjira n'kubwezeramo wogula. Ngakhale inu, achemwali, ndinakuganizirani, ndipo ndi bwino ndinene. Mumadutsa kumunsi kwa munda umenewo Lamulungu lililonse popita ku Misa. Mwandilembera za ng'ombe yomwe inabereka mapasa, za denga la tchalitchi, za amene anakwatiwa ndi amene anathawa. Ndatulutsa makalata anu onse a zaka zitatu n'kuwawerenganso. Za munda umenewo mulibe liwu ndi limodzi lomwe, chonsecho kale simunkalephera kundiuza ukachita maluwa. Sindikukudzudzulani. Ndikungofunsa kuti anakupemphani kukhala chete ndani.

Katundu wa Sinda ndinali ndisanamukhudze chichokereni iye. Nieves anabwera kawiri kuchokera ku Brussels kuti tilongedze, ine n'kumubweza. Koma Lamulungu lotsatira ndinatsegula kabati ndekha. Pansi pa nsalu zake panali chitini chachikulu cha mabisiketi, chomwe ndinkadziwa kuti amasungamo mabatani ndi ulusi. Mabataniwo analimo, pamwamba pokha. Pansi pake panali zitsekero zokhazokha, mpaka kudzaza. Chilichonse chinali ndi dzina la kampani ya ku Gijón ija, lodindidwa ndi moto, lomwe lija la pa chitsekero cha ku kalabu chimene chinali chikadali m'thumba la jekete yanga.

Ndiye kuti zaka zitatu zonsezi Cundo ankatitumizira wogula, osavutika n'komwe kusintha zitsekero, podziwa kuti mlongo wake ndiye atsegule. Chaka chino wotsegulayo kulibe, n'chifukwa chake Cundo anakhala pansi n'kusamutsa botolo lililonse. Ndipo Sinda ankatsegulira kukhitchini kuti ine ndisaone. M'bini sakanataya, poti wotaya zinyalala m'nyumba muno ndinali ine. Za adokotala zija ndikukayika ngati zinali zoona. Ndikuganiza kuti mowawo unkamukanika kumeza.

M'chitinimo munalinso kampeni ka amayi ake komezanitsira mitengo. Nditakaona ndinatuluka pakhonde. Kamtengo kaja Sinda anandiuza kuti anagula kumsika, ine osafunsa zambiri. Nditachotsa chiguduli chomwe anamanga tsiku lija, ndinapeza chipsera cha pomezanitsa, ndi kapepala kokutidwa ndi pulasitiki kolembedwa ndi dzanja lake: "Wa amayi, Febuluwale 1993." Umenewo ndi mwezi umene anabwera kumudziko yekha ku maliro a azakhali ake. Anabwerako ali duu, ine n'kumati ndi chisoni cha maliro. Tsopano ndikuona kuti anadula kanthambiko chifukwa ankadziwa kuti mtengowo masiku ake atha.

Kaya Cundo anadzalamo bulugama wogulitsa ku fakitale ya mapepala monga achitira ena, kaya anagulitsa malowo, kaya Sinda anavomera kapena anangomuuza zitatha, sindikudziwa. Msana wa Cundo ndi wovuta, ana ake onse ali m'tauni, maapozi amafuna manja. Akanandiuza ndikanakwiya, koma ndikanamva. Chimene chikundiwawa n'chakuti akufuna ndimupatse mkazi wanga akamuike kumene ine sindikudziwa, kenako adzandilembere kuti ali pansi pa mtengo wa amayi ake.

Sinda yekha ndikumumvetsa. Tsiku lililonse ndinkamuimbira nyimbo imodzi, yoti Nieves akakhazikika tidzabwerera kwathu, ndizikadulira mitengo ija ndi kufinya ndekha. Nsapato za jombo ndinagula kale, zili pansi pa bedi. Ankandimvetsera n'kumangoti tidzaona. Anasankha kusenza yekha. Ndimamukwiyira m'mawa, pofika madzulo mkwiyo watha.

Pempho langa ndi limodzi. Kuseri kwa nkhokwe ya bambo, pamene panali mkuyu wakale, pali malo oti dzuwa limafika bwino. Mundipatseko pamenepo, mapazi anayi okha mbali zonse. Mukambirane ndi alamu a Ramiro, ndipo ngati n'zosatheka mundiuze mosabisa. Kwa Cundo musapiteko chifukwa cha ine, ndiponso musakangane naye pa tchalitchi. Ngati ndalakwitsa, ngati mitengo ija ikadalipo ndipo mwezi uno yachita maluwa, ndilembereni mzere umodzi wokha, ndidzapita ndekha kukagwada pakhomo pake. Koma ngati ndalondola, musavutike kufotokoza. Mungondiyankha za malowo, ndidzamva.

Mundiperekere moni kwa alamu a Ramiro, kwa adzukulu anu onse, kwa msuweni wathu Oliva, ndi kwa azakhali a Pacita ngati akuzindikirabe anthu. Nieves ndi amuna ake akupereka moni. Iye sindinamuuze za amalume ake, ndidzamuuza pamaso.

Za katundu uja ndamaliza dzulo. Madiresi ndi majuzi ndapereka kwa amayi a ku kalabu kuti agawire osowa. Ndolo ndi makina osokera adzatenga Nieves. Shawelo yakuda ija ndasungira inu. Kampeni kali m'thumba mwanga.

Dalaivala anabwera Lachinayi, akuti Cundo wamutuma kudzatenga phukusi. Ndinachotsa mabatani m'chitini muja, n'kusiyamo zitsekero zokha, n'kuchimanga bwino ndi chingwe, n'kulemba dzina la Cundo pamwamba. Kalata sindinaikemo. Munthuyo polandira anavula chipewa n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Ndinamuuza kuti avale chipewa chake, ameneyo si Sinda.

Sinda abwera ndi ine mu Novembala, masamba akayoyoka, nthawi yabwino yowokera. Tidzakwera basi, iye pamiyendo panga, kamtengo pambali. Sabata ino kachita maluwa koyamba, asanu okha. Ndawasiya, ngakhale Delmiro akuti ndiwathothole kuti kakule ndi mphamvu.

Khalani bwino, achemwali. Ndikudikira yankho lanu.

Ndine mlongo wanu,
Belarmino