Mapazi a Che Ajasi

Lachinayi, ku Chowe. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Che Ajasi, mlendo uja wafika sabata yatha kuchokera ku Mozambiki, anabweranso masana ndi nkhani zawo zomwe zija. Akuti anayenda masabata atatu m'tchire, anagona mumtengo mikango ikubangula pansi, anabaya njati ndi mkondo umodzi. Amuna anga amangomvetsera kukamwa kuli yasa.

Lero mlendoyo wati akudziwa njira yopanda mabomba okwirira, ndipo angathe kuperekeza amuna anga kukatenga apongozi, amene tinawasiya pothawa nkhondo. Apangana zonyamuka Lolemba.

Nthawi yoswali itakwana ndinawapatsa Che Ajasi madzi oti asambe asanapemphere. Atavula nsapato ndinaona mapazi awo: osalala ngati a khanda, opanda mng'alu, opanda chipsera cha minga. Ife tinayenda masiku anayi okha, koma zala zanga ziwiri zakumapazi zilibe zikhadabo mpaka lero.

Ndawauza amuna anga. Akuti, “Amake Amina, inu mumakayikira aliyense. Mwina anali ndi nsapato zabwino.”

Mwina. Koma tchire la Che Ajasi lilibe ludzu, lilibe mwana wofera kumsana, ndi mikango yokhayokha. Si tchire limene ndinadutsamo ine. Nanga bwanji afunsa kawiri ngati kuno kuli amuna ena amphamvu oti angatsagane nawo? Kodi sanatumidwe ndi ankhondo kudzawakolera anthu?

Ndabisa nsapato za amuna anga m'nkhokwe, ngakhale ndikudziwa kuti pofuna amayi ake, munthu angapite wosavala kumapazi...