Deizi Si Dizilo

Lolemba, 5 Juni 1978
Ubatizo wa mwana ndi Lamulungu likudzali, koma dzina tikadakanganirana. Malemu mwamuna wanga Gerevazio, lole yamatabwa isanagubuduke naye pa phiri la Dedza, ankandigwira pamimba n'kumati akadzakhala wamkazi ndi Deizi. Apongozi akufuna Anjelina, dzina lawo. Akatekisiti, a Rafaelo, anachita kuseka: "Mayi, munamva bwino? Pokhala dalaivala, mwina ankati dizilo." Ndinapsa mtima. Mwana wanga si mafuta a galimoto.

Lachiwiri, 6 Juni
Vuto n'lakuti inenso tanthauzo lake sindilidziwa. Sindinamufunse, ndinkati nthawi ilipo.

Lachinayi, 8 Juni
Kwa a Bartholomew, aphunzitsi opuma ntchito. Ati mzungu wina woyang'anira nkhalango ankaitana ng'ombe yake ndi dzina limeneli. Izi apongozi asazimve. Koma dzina siliyambira pa ng'ombe. Lili ndi kwawo, ndipo ndikupeza basi.

Lachisanu, 9 Juni
Wapansi mpaka ku mishoni, mwana kumsana, chisanu cholowa m'mafupa. Pamlatho achipani anafuna khadi, mwamwayi ndinali nalo.

Sisitere wokalamba wa ku Mangalande sanandiseke. Ati ndi kaduwa koyera, pakati pake pachikasu. Makolo awo akale anakaona kakutseguka dzuwa likatuluka, madzulo n'kutsinzina, ndiye anakatcha day's eye, diso la tsiku. Pakamwa pa anthu mawu awiriwo anatha ngati khasu, n'kutsala amodzi. Ndinalira pamaso pawo, manyazi ndinalibe. Kaya Gerevazio ankadziwa zimenezi, kaya linangomukomera m'khutu, sindidzadziwa.

Loweruka, 10 Juni
Ndawafotokozera apongozi akusankha mbatatesi pakhonde. Anangonyamula mwana n'kumuyang'ana m'maso nthawi yaitali, kenaka anati, "Maso awa ndi a bambo ake." N'kupitiriza ntchito yawo. Mawa ndilitchula ndekha m'tchalitchi, wokwiya akwiye.

Lamulungu, 11 Juni
Bambo mfumu atafunsa dzina, ndinakoka mpweya kuti ndiyankhe. Apongozi anandiyambirira.

"Deizi," anatero mokweza, tchalitchi chonse n'kumva. A Rafaelo ananong'ona kuti pafunika dzina la woyera. Apongozi sanawacheukire n'komwe.

Anati, "Langalo la Anjelina likhale pambuyo. Loyamba ndi lomwe anasankha mwana wanga."