Ndatentha Zidindo za Bambo

Montrose,
Lachiwiri

Wokondedwa mng'ono wanga Rhona,

Uli bwanji ku Dunedin, kutsidya la nyanja kumeneko? Alamu a Dougal ndi ana akudzuka bwanji? Kuno mphepo ya kunyanja yatikhwimitsa, koma tikadali moyo. Bambo atuluka m'chipatala, chifuwa chija chalekako.

Ndisazungulire, Rhona. Ndalakwa, ndipo ndikusowa pobisa nkhope.

Ukudziwa makatoni aja a pansi pa masitepe, momwe Bambo amasungamo makalata akale okhala ndi zidindo za positi ya tauni yathu. Mwezi wamawa amayenera kukawaonetsa kuholo ya kutchalitchi. Anadzitama kale kwa anzawo onse a kudoko.

Ali kuchipatala, dokotala anati nyumba ikhale yopanda chinyezi. Ine, umandidziwa ndikagwira tsache. Nditatsegula makatoni ndinapeza mapepala akununkha nkhungu, ndiye ndinati ndiwakonzere zabwino. Ndinaviika maenvelopu m'beseni, ndikumatula masitampa onse, ndikuwayanika pathaulo, ndikuwandanditsa m'buku latsopano. Mapepala otsalawo ndinasonkhezera mbaula. Amene analibe sitampa n'komwe ndiwo ndinayambira, poyesa zinyalala.

Ndinafika poitana Mai Petrie oyandikana nafe kuti adzaone luso langa. Anayang'ana bukulo, anayang'ana mbaula, kenako anandifunsa ngati ndinakuliradi m'nyumba ya munthu wa positi kapena anangonditola pamsika wa nsomba. Anati sitampa ndi chikopa chabe, nyama yake ndi chidindo, chimene chimagwera theka pasitampa theka paenvelopu, ndipo ine pomatula ndadula zidindo pakati ndikutentha theka linalo. Aja opanda sitampa, akuti ndiwo akale kuposa onse. Ankabwera ndi oyendetsa zombo masitampa asanayambe, ndipo ankadindidwa pano podziwitsa kuti atsikira padoko lathu. Bambo anawatola m'maofesi a zombo pamene ankagwetsedwa.

Safunsa anadya phula, Rhona. Zaka zonsezi Bambo akayamba nkhani ya zidindo ndinkathawira kukhitchini.

Atafika kunyumba ndinawauza ndisanawavule n'chikhotho chomwe. Ndinkafuna andikalipire. Iwo anatsegula bukulo, anapita tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto, kenako anati ndayala mowongoka bwino, mayi athu akanakondwa. Anapempha tiyi. Sanatchulenso nkhaniyo.

Dzulo ndinawapeza ayima pansi pa masitepe paja, manja m'thumba. Atandiona anati akufuna ambulera. Kunja kunali dzuwa.

Anandituma kuti ndikauze abusa kuti dzina lawo alichotse pa tsiku lachionetsero. Sindinapite, ndipo sindikufuna kupita.

Ndiye ndikupempha, mwana wa mayi anga. Kuyambira pamene unakwera sitima mpaka pamene anapuma ntchito, Bambo ankakulembera mosadumphitsa, ndipo kalata iliyonse ankaidinda okha ndi dzanja lawo pakauntala ya kupositi. Ukukumbuka ankanyoza anzawo kuti amadinda ngati akupha mphemvu, pamene chawo chinkatuluka bwino, dzina la tauni ndi tsiku zikuwerengeka. Masiku ano makalata athu amakadindidwa ndi makina kumzinda. Yang'ana envelopu ino, suwonapo Montrose.

Tinkakuseka kuti sutaya ngakhale chingwe cha phukusi. Lero ndikugwadira khalidwe lomwelo. Ngati maenvelopu aja ukadali nawo, nditumizire pandege msanga. Makalata a m'katimo sunga, ndi ako. Za zombo zija sizidzabweranso, ndikudziwa. Koma Bambo akaime muholo muja ali ndi china patebulo, ngakhale chikhale ntchito ya dzanja lawo lomwe.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mkulu wako wamanyazi,
Elspeth

Ndinaiwala: usadule kanthu, usaviike kanthu. Ngakhale akununkha bwanji, atumize momwemo.